Tola anatsala ku Warsaw

Ndangozimitsa wailesi, nsima yazizirira m'mbale chifukwa cha nkhani ya Joseph Rotblat, wasayansi wa ku Poland. M'chaka cha 1939 anabwerera ku Warsaw, likulu la dzikolo, kukatenga mkazi wake Tola kuti akakhale limodzi ku Liverpool, ku England. Tola anali asanachire pambuyo pa opaleshoni, choncho anapangana kuti amutsatira akapeza bwino. Pa 1 Sepitembala asilikali a Germany analowa m'dziko la Poland. Awiriwa sanaonanenso, ndipo bamboyu sanakwatirenso mpaka kumwalira kwake mu 2005.

Anthu amamutama chifukwa anasiya ntchito yopanga bomba la atomiki ku Los Alamos, ku America, mu 1944, n'kudzalandira mphoto ya Nobel ya mtendere mu 1995. N'zazikulu ndithu. Koma ine mtima wanga watsalira m'sitima ija anakwera yekhayekha, akuwerenga masiku oti Tola afike.