Khadi lachikasu linandidyera sabata yathunthu ndisanatuluke n'komwe mu Lusaka

Ndabwerako. Chikwama chikadali pakona ndi fumbi lake, koma ndilembe msanga mkwiyo usanazizire. Njira inali iyi: Lusaka, Nakonde, Mbeya, Dar es Salaam, Zanzibar, Arusha, Nairobi, Kampala, kenako kubwerera. Za kotengera pasipoti sinditayapo nthawi, mukukudziwa. Ingoonani kuti yatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe, ndipo ngati mukutenga yatsopano, tengani ya masamba 48 osati 32. Boda iliyonse imadya zidindo ziwiri, chotulukira ndi cholowera, ndipo odindawo amangomenya paliponse pamene tsamba latsegukira.

Tanzania ndi Uganda safuna viza kwa munthu wa pasipoti ya Zambia wongokaona malo. Kenya inasintha kalowedwe mu Januwale 2024 n'kuyambitsa chilolezo cha pa intaneti, eTA, ndiye sabata yonyamuka tsegulani tsamba lawo muone zimene zikukhudza pasipoti yanu. Zonsezi n'zopepuka. Chimene chinandiliza ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever.

Nthawi imene ndinapita, Uganda inkalifuna kwa aliyense wolowa. Tanzania imalifuna ukamachokera kudziko kumene matendawa aliko, kutanthauza kuti pobwerera kuchokera ku Kenya, pa Namanga, alifunsa. Ndinapita pa kiliniki ina Lolemba m'mawa, tikiti ya basi ya Lachitatu ili kale m'thumba. Kulakwa kwanga koyamba n'kumeneko. Anati kalipireni kaye. Kolipirako ndi nyumba ina kuseri, safuna za pafoni, akufuna ndalama m'manja. Ndabwera ndi lisiti, ndakhala pabenchi mpaka 11 koloko, ndiye nesi akutuluka.

"Bambo, katemera alipo, koma lero muli atatu okha. Mubwere Lachinayi."

"Asisita, nanga si ndalipira kale?"

"Lisitilo sungani, silivunda."

Chifukwa chake ndinachimva, ndipo n'chomveka. Kabotolo kamene anali nako ndi ka anthu 10, ndipo mankhwalawo akangosakanizidwa ndi madzi ake ayenera kutha pasanadutse maola 6, otsala amatayidwa. Sangatsegule kabotolo chifukwa cha anthu atatu. Chabwino. Koma bwanji osalemba zimenezo papepala n'kumata pachitseko? Bwanji wolandira ndalama uja sananene ndisanatulutse ngwee? Lachinayi tinakwana, jekeseni analowa paphewa, mphindi imodzi sinakwane. Khadi analemba. Chidindo? Amene amasunga chidindo apita ku wekishopu ndipo kiyi wa dilowa apita naye. Lachisanu ndinabwereranso chifukwa cha kachidindo kamodzi. Tikiti ya Lachitatu ija inapsa, a kampani ya basi anangondiloza mawu aang'onoang'ono kuseri kwa tikiti onena kuti ndalama sizibwezedwa.

Tsono mverani apa. Khadili limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 kuchokera tsiku la jekeseni. Wina wothamangira ku Kampala osaima panjira akhoza kufika pa Busia, boda ya Kenya ndi Uganda, masiku 10 asanakwane, khadi ali nalo m'manja koma lopanda mphamvu. Bayitsani mwezi wathunthu musananyamuke, ndipo imbani foni kaye mufunse tsiku limene amatsegula kabotolo ndiponso ngati wachidindo akhalapo. Musanachoke pawindo onani zinthu izi: dzina lilembedwe monga lilili m'pasipoti, tsiku la jekeseni, nambala ya gulu la mankhwalawo, siginecha ndi chidindo. Kuyambira Julayi 2016, bungwe la WHO linati katemerayu ndi wa moyo wonse, ndiye ngati muli ndi khadi lakale lolembedwa zaka 10, likadali bwino, musabayitsenso. Amene mazira amawawenga, amayi oyembekezera, a chitetezo chofooka m'thupi ndi opitirira zaka 60 ayambe alankhula ndi dokotala. Ndipo anyamata okuuzani kuti akupezerani khadi lodinda kale popanda jekeseni, asiyeni apite.

Pa Intercity, siteshoni ya mabasi ya mu Lusaka, pitani nokha pawindo la kampani, chikwama osachisiya m'manja mwa ang'wang'wazi. Kukafika ku Nakonde ndi makilomita pafupifupi 1,000, kudzera Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka. Chikwama chikhale cha malita 40, chisapitirire makilogalamu 10, kuti chizilowa nanu m'basi. Ndinatenga mabuluku atatu, awiri akanakwana. Juzi musaisiye, ku Mbeya ndi ku Makambako kumazizira koopsa mu Juni ndi Julayi. Adaputa musagule, masoketi a ku Tanzania, Kenya ndi Uganda ndi a mano atatu ngati athu omwewa.

Kwacha yomaliza isintheni pa Nakonde kapena Tunduma, chifukwa kupitirira pamenepo kupeza woifuna n'kovuta. Werengani mashilingi kawiri musanapereke zanu, ndipo mukawabwezera kuti awerengenso, muwerengenso inu, chifukwa mapepala amasowera pamenepo. Madola akhale atsopano, osang'ambika, osalembedwa. Mukangodutsa boda, wotchi ipite patsogolo ndi ola limodzi. Palinso msampha wa nthawi ya Chiswahili: iwo amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye akati "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa, "saa kumi na mbili" ndi 6 koloko. Pogula tikiti ya Mbeya kupita ku Dar muwapatse foni alembe nthawiyo m'manambala, kenako mufunsenso kuti ndi ya pawotchi kapena ya Chiswahili. Msewu umenewo umadutsa pakati pa nkhalango ya Mikumi, khalani kuwindo muone akadyamsonga ndi mbidzi ulere.

Ndaiwala: jambulani khadi lachikasu lija ndi tsamba la pasipoti, mudzitumizire pa imelo. Khadilo likhale m'kathumba ka pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, chifukwa inki ya chidindo ikanyowa ndi thukuta imafufutika.

Sitima ya pamadzi yopita ku Zanzibar imatenga pafupifupi maola awiri, ndipo ngakhale ndi dziko limodzi ndi Tanzania, pofika amaonanso pasipoti. Kuyambira Okutobala 2024 alendo amafunikanso inshuwalansi ya ku Zanzibar komweko, yogula pa intaneti. Gulani muli ku Dar pamene netiweki ili bwino, osati muli pamzere padoko.

Tsono za anthu. Mu hositelo mumagona anthu 6 kapena 8 chipinda chimodzi, mabedi osanjikizana. Pemphani bedi lapansi, nyamulani loko wanuwanu wa lokala, ndipo neti muione ngati ilibe zibowo musanalipire. Kukhitchini ndiko kumene ubwenzi umayambira. Mukaphika nsima, imene kumeneko amati ugali, azungu ndi a ku Korea amakuzungulirani kufuna kuphunzira kutema mbamu, ndipo pofika usiku mwauzana nkhani zimene ngakhale abale anu sazidziwa. Ubwenziwo si wabodza ayi. Munthu amene mwadziwana naye dzulo akudikirirani chikwama mukapita kuchimbudzi pasiteshoni, akupatsani mankhwala mukatsegula m'mimba. Koma mlendo ndi mame. Pakatha masiku atatu wina walowera ku Moshi kukakwera Kilimanjaro, wina wakwera ndege, gulu la WhatsApp lija limalira sabata imodzi kenako zii.

Chifukwa chake ndalama musaziphatikize ndi ubwenziwo. Mukagawana takisi kapena chakudya, aliyense apereke gawo lake pomwepo, za "ndikupatsa mawa" ayi, chifukwa mawalo munthu amakhala ali m'basi ya 6 koloko. Musalipirire gulu lonse chipinda cha kutsogolo ndi khadi lanu la kubanki. Anthu anayi akagwirizana usiku kuti tipitire limodzi ku Arusha, m'mawa mumanyamuka awiri, ndipo mabedi awiri otsalawo amakhala pamutu pa amene anasungitsa. Sachita dala, kungoti aliyense mapulani ake amasintha akamva za malo ena pa chakudya cham'mawa. Matumba athunso ndi osiyana. Wolandira malipiro m'mayuro akati tiyeni ku Serengeti n'zotchipa, akunena madola mazanamazana. Kanani msanga, mopanda manyazi, mukakumane madzulo.

Pa boda musadikirane. Iwo ambiri amaima pamzere wa viza, inu wa chidindo chokha, ndipo basi ikhoza kusuntha kupita tsidya lina inu mukadali chiimire kudikira mnzanu. Dindani, kwerani, mumusungire mpando. Phukusi la munthu wina, ngakhale mwadya naye sabata yonse, musamudutsire nalo pa boda. Pasipoti yanunso isagone m'chikwama cha wina. Zithunzi zimene anakujambulani ndi kamera yake yabwino ija muuzeni atumize usiku womwewo muli pa Wi-Fi imodzi. Zanga za pagombe la Nungwi ku Zanzibar zili kwinakwake ku Ulaya mpaka lero.

Pa Busia khadi lija analifunsa pasipoti isanatsegulidwe n'komwe. Mayi wa pa tebulo la zaumoyo anayang'ana tsiku la jekeseni, n'kuwerenga ndi zala, n'kuyang'ana chidindo. Pa Namanga pobwerera, chimodzimodzi. Ndiye ndibwerezenso kwa amene adumpha ndime zapamwambazi: jekeseni kaye, mwezi wathunthu ulendo usanafike, chidindo chikhale pakhadi, tikiti ya basi mugule pambuyo. Lisiti la ku kiliniki lija ndikadali nalo m'thumba la chikwama. Silinavunde.