Zikomo, nkhope ya mwana wathu yabwerera

Ambuye alemekezeke. Amene mwayenda nafe mukudziwa kale zonse, sitibwereza. Mawanga a pankhope ya mtsikana wathu atsekeka pafupifupi onse, ndipo adokotala atsimikiza kuti vitiligo, nthenda yoyeretsa khungu mawangamawanga, yaima, sikufalikiranso. Tatopa zedi, koma mitima yadzaza.

Oyamba kuwathokoza ndi amayi anamwino a m'chipinda cha nyali yochizira mawanga kuchipatala cha khungu. Dzina sitilemba, akudzidziwa okha. Ndiwo anatikhazika pansi n'kutiuza chilungamo, kuti chitetezo cha m'thupi chimaukira maselo opanga mtundu wa khungu, ma melanocyte, pamalopo n'kuyera. Si khate ayi. Banga la khate limachita dzanzi, ukalikhudza ndi thonje munthu samva. La vitiligo limamva bwinobwino, ndipo ukaliunika mumdima ndi nyali ya Wood, imene adokotala amayezera khungu, limawala mbee, malire ake n'kuoneka. Sipatsirana. Tikunena mokweza kuti amve aja analetsa ana awo kusewera naye, aja anasiya kutigwira chanza. Mulungu akukhululukireni, ife tikuyesetsabe.

Mayiwa ndi amenenso anatiphunzitsa kuyeza mafuta a mankhwala opaka. Ufinye kuchokera kunsonga ya chala chamkombaphala kufika pamzere woyamba, ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo amakwana malo aakulu ngati zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Pankhope, m'zikope ndi m'khosi ndi tacrolimus, kawiri pa tsiku, wa 0.03% kwa mwana wosafika zaka 16, wa 0.1% kwa wamkulu. Masiku oyamba amatentha pang'ono, kenako zimasiya. Mafuta amphamvu a steroid monga clobetasol ndi a pathupi basi, kamodzi pa tsiku, mopumira, ndipo asapitirire miyezi iwiri kapena itatu adokotala asanaonenso. Ukawapaka pankhope kapena osalekeza, khungu limapyapyala, limachita mizere, timitsempha n'kumaonekera. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka pofuna kufulumiza.

Koma ntchito yeniyeni inali ya nyali, narrowband UVB ya 311 nm, kuwala kwapadera kumene amawalitsa pakhungu. Kawiri kapena katatu pa sabata, osati masiku otsatizana. Amayamba ndi masekondi ochepa, maso ataphimbidwa ndi magalasi, n'kumawonjezera pang'onopang'ono. Khungu likafiira pang'ono n'kusiya pasanathe tsiku, mlingo uli bwino. Likapsa kapena kuwawa, amadumpha ulendo wotsatira n'kutsitsa. Ukajomba masabata angapo sungayambire pomwe unalekera, ungapse, amakubweza m'mbuyo. N'chifukwa chake amayi anamwino sankatilekerera tikayamba kufooka. Ankati musaweruze nyali isanathe miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ena amafika chaka. Mtundu ukamabwerera umayamba timadontho takuda pamizu ya ubweya, chifukwa maselo otsala amabisala m'menemo, kenako timadonthoto timakula n'kulumikizana. Nkhope ndi khosi zimamva msanga. Zala, milomo ndi mapazi zimavuta poti ubweya ndi wochepa, ndipo pomwe ubweya weniweniwo wayera chiyembekezo chimachepa. Zala za mwana wathu zidakali zoyera. Mayiwa anatiuziratu, sanatinamize ngakhale kamodzi.

Zikomo adokotala pomuyeza magazi a chithokomiro, poti matenda ake amakonda kuyendera limodzi ndi vitiligo. Zikomo aphunzitsi amene munaletsa mayina onyoza m'kalasi. Azakhali, munamuperekeza ife titalephera, Mulungu akubwezereni. Ndi inu mumatipempherera usiku, takumvani.

Kwa amene mwakhala mukufunsa kumbali, musakolope kapena kukanda banga, musapake zootcha. Chilonda, kupsa, ngakhale lamba wothina zimatha kubala banga latsopano pomwepo. Pamalo oyera pakani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50, pamapsa msanga. Jambulani mawanga mwezi uliwonse pa kuwala kofanana, maso amaiwala. Kulinso ruxolitinib wopaka, amene anavomerezedwa ku America mu 2022 kwa a zaka 12 kupita m'tsogolo, mukafunse adokotala ngati akupezeka.

Amayi anamwino, Yehova akusungeni, manja anu asatope. Mwatichenjeza kuti mawanga amatha kubwerera chaka choyamba mankhwala akasiyidwa, choncho tacrolimus tikupitiriza kawiri pa sabata monga mwanenera. Abale, musasiye kupempherera zalazi.