Agogo awiri ndi dzina la Martin McGuinness

Nditafika ku Derry, mzinda wa ku Northern Ireland, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinaphunzira msanga kuti kuno ngakhale dzina la mzinda ndi ndale. Ukati Derry ena akwinya nkhope, ukati Londonderry akwinya enanso. Dzina la wandale Martin McGuinness ndiye limaposa pamenepo.

Agogo aamuna amene ndimawaveka m'mawa amangoti "Martin", ngati akunena mwana wa khomo loyandikana nalo. Ndipo analidi wakonkuno: anabadwa mu 1950, anakulira ku Bogside, dera la mumzinda muno, anasiya sukulu ali ndi zaka 15 n'kukalowa ntchito m'butchala. Pa 30 Januwale 1972, tsiku limene asilikali a Britain anawombera anthu ochita zionetsero n'kupha 13, a McGuinness anali wachiwiri kwa mkulu wa IRA, gulu la zida lolimbana ndi ulamuliro wa Britain, mumzinda muno. Anavomera okha patapita zaka zambiri.

Agogowa amakonda kufotokoza zimene zinadza pambuyo pake. Munthu yemweyo anatsogolera chipani cha Sinn Féin pa zokambirana zimene zinabala pangano la mtendere la 1998. Anapambana mpando wa phungu wa dera la Mid Ulster mu 1997 koma osakakhalapo ku nyumba ya malamulo ku London, poti chipanicho sichilumbira kwa mfumu ya Britain. Mu 2007 anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu ya Northern Ireland, pambali pa ndunayo, m'busa Ian Paisley, amene anakalamba akuwadzudzula pagulu. Awiriwo ankaseka limodzi mpaka otsatira awo ena kunyansidwa nazo.

Chimene chimandizunguza mutu ine ndi cha Juni 2012 ku Belfast, pamene a McGuinness anagwirana chanza ndi Mfumukazi Elizabeth. Mbale wa Mfumukaziyo, Lord Mountbatten, anaphedwa ndi bomba la IRA mu 1979. Ine, amene ndinakhala zaka zinayi osalankhulana ndi msuweni wanga chifukwa cha malire a munda, sindidziwa kuti dzanja limatambasuka bwanji pamenepo.

Koma chipinda chachitatu kuchokera kwa agogo aja muli agogo aakazi amene mlongo wawo anali wapolisi m'zaka zimenezo. A McGuinness anamwalira mu Marichi 2017, komabe nkhope yawo ikaoneka pa TV, agogowa amaloza khoma: "Mwanawe, zimitsa." Sanandiuze zambiri, ndipo sindinawafunse.

Ndimazimitsa, n'kuwakonzera pilo. Kenako ndimapita ndi tiyi kwa agogo aamuna aja, n'kuwapeza akweza voliyumu.