Chofiira chinachucha pa quilt ya nyanja

Sabata ino pa shopu yathu yosokera kuno ku Mzuzu yathera pa ntchito imodzi: quilt (nsalu ya zigamba zolumikiza, yokhala ndi thonje pakati) yopachika pakhoma, masentimita 120 mulifupi ndi 180 mulitali, yosonyeza dzuwa likutuluka panyanja monga limaonekera ku Nkhata Bay. Eni loji ina amaifuna Loweruka. Mapilo a zigamba, zikwama ndi kukonza makina opalasa omwe amadumpha ulusi, zonsezo zinangoyenda mwa masiku onse.

Lolemba ndi Lachiwiri tinali pa kusanja mitundu. Pa chithunzi chotere, chofunika kwambiri si kuti chidutswa ndi cha buluu kapena cha olenji, koma kuti ndi chakuda kapena chowala motani poyerekeza ndi chinzake. Zitenje zomwe tinagula ku msika wa Mataifa tinaziyala m'magulu asanu ndi awiri, kuchokera pa buluu wakuda wa madzi akuya kufika pa nsalu yoyererako ya thambo lozungulira dzuwa. Kenako tinazijambula ndi foni, n'kuchotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. Zidutswa ziwiri zikaoneka zofanana pamenepo, chimodzi chichoke, chifukwa munthu woima mamita atatu adzaziona ngati chimodzi. Chitenje cha maluwa akuluakulu chimanyenganso: ukachidula tizidutswa ta masentimita 6, kena kamatuluka koyera, kena kakuda, ndiye kalikonse kamafuna kukasanja pakokha. Olenji tinaika wochepa dala, poti akagundana ndi buluu amawala kuposa mmene alili.

Chinasowa ndi chofiira chakuda cha mzere wolekanitsa thambo ndi madzi. Abwana anabwera nacho Lachitatu m'mawa, chogula motchipa kwa munthu wina woyenda nazo. Tinawauza kuti, "Bwana, nsalu iyi sitingaidule isanachapidwe." Iwo anati, "Amayi, dulani basi. Ndi chifunga ichi iuma liti?" Kunja kunalidi kamvula kowaza, magetsi atazima, simbi yamakala ili imodzi. Komatu kuyesa nsalu sikudikira dzuwa. Umanyowetsa kansonga, n'kukaika pakati pa nsalu yoyera, n'kupsinja ndi simbi yotentha. Yoyerayo ikatenga utoto, chitenjecho chichapidwe mpaka madzi atayera. Ndi mphindi zisanu zokha, ndipo anatikaniza zimenezo.

Tinalumikiza ndi msoko wa mamilimita 6, tinayala thonje lapakati ndi nsalu yakumbuyo, mapini pa masentimita 10 alionse, n'kusoka mizere ya mafunde kuyambira pakati kupita m'mbali. Inatuluka yokongola zedi. Lachinayi madzulo tinaiwaza madzi kuti choko cholembera mizere chichoke ndiponso kuti iwongoke. Pasanathe ola, chofiira chija chinali chitayenderera m'thambo loyera pafupifupi zala zitatu, ndipo m'mizere ya ulusi chinapita patali kuposa apo, popeza ulusi wa thonje umakoka madzi ngati chingwe cha nyali. Gawo loyeralo ndi laling'ono kuposa onse, koma ndi limene limapangitsa kuti dzuwa lioneke likuwala. Litasanduka pinki, chithunzi chonse chinazimiririka.

Abwana anathamangira kunena za mchere ndi viniga. Zimenezo sizigwira utoto pa nsalu ya thonje, ndipo bulichi akanawononga buluu yense. Chimene chimathandiza ndi madzi ambiri otentha ndi sopo wamadzi wotsukira mbale. Quilt imizidwe yonse m'bafa lalikulu, pasakhale mbali yoyandama, chifukwa utoto umakakhala pamalire a madzi ndi mpweya. Madzi akafiira, atayeni, thirani ena. Musasite isanayere, kutentha kumaumitsa banga. Tinawiritsa madzi pambaula usiku wonse, makala ogula ndi ndalama za m'thumba mwathu, poti za shopu zinali zokhomeredwa mu ofesi.

Banga linachepa koma silinathe, ndipo panabuka vuto lina. Zitenje zochapa kale zinakhala mmene zinalili, pamene chofiira chosachapacho chinafupika m'madzi otentha n'kukoka mzere wonse wapakati, quilt n'kuchita thumba. Lachisanu tinasasula mizere ya ulusi pagawolo, tinachotsa mzere wofiira ndi tizidutswa ta thambo tothimbirira, n'kuika tina pamanja ndi msoko wobisika. M'malo mwa chofiiracho tinaika chofiirira chomwe chinayesedwa, ndipo pafoni chinagwera pa gulu lomwe chimayenera. Amayi awiri achikulire amene anasoka zimenezi anagwira ntchito yoti palibe angaloze pomwe panang'ambulidwa, zala zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Loweruka inali isanaume, ndiye a loji auzidwa kuti adikire mpaka Lachiwiri. Powaimbira foni, abwana anati atelala ndiwo achedwetsa. Maola owonjezera a Lachinayi usiku sanalembedwe paliponse, ndalama za makala sizinabwezedwe, ndipo mamita anayi otsala a chitenje chofiira chija akadali pashelefu, akuti tidzapangire mapilo sabata yamawa.