Inde, ndinapereka moni kwa chiboliboli ku Milwaukee

Poti kavidiyo kaja ka ine ndikugwadira chiboliboli ku America kafika kale pa gulu la WhatsApp, bola ndifotokoze ndekha musanathire mchere wanu.

Eya, ndinagwada. Koma magalasi ndinayiwala mgalimoto, komanso tinakwera masitepe mpaka kumwamba kwenikweni kwa bwalo la baseball la American Family Field, kumipando yotchipa ija, ndimafika maso atachita kale chidima. Mzere omaliza ndikuona bambo achikulire akhala okhaokha akumwetulira, pambali pawo mpando opanda munthu. Ine mwana oleredwa bwino chipewa m'manja, kabondo pansi, "wawa agogo, pali munthu apa?" Zii. Ndinabwereza mchizungu. Zii. Ndinati mwina makutu anatha, ndinakuwa. Ndiye ndinangokhala, kutulutsa mtedza kuwapatsa, iwo kumangomwetulira basi, ine nkuyamba kuwadandaulira kuti mpira wanji uwu munthu amenya kamodzi kenako aliyense wangoyima ngati akudikira minibasi idzadze, mumtima ndikuti koma agogo awa ndiofatsa bwanji, mphindi zisanu osaphethira olo kamodzi. Ndinawagwira phewa. Kuzizira kwake amwali! Ndinati basi atisiya, ndipo mboni ndine, apolisi ayamba ndi ine.

Kucheuka, mnzanga wakuntchito misozi ili mbwee kuseka, foni ili m'mwamba.

Kani ndi chiboliboli cha Bob Uecker. Mkuluyu anali catcher, uja amanyonyomala kumbuyo kwa omenya mpira, koma pomenya ankangokwanitsa kawiri pa maulendo 10, ndipo ankadziseka yekha nazo. Chikho chachikulu cha baseball ku America, cha World Series, cha 1964 anatenga ndi timu ya St. Louis Cardinals osasewera olo gemu imodzi ya mndime yomalizayo. Kuchoka apo anakhala pa wailesi kuulutsa magemu a Brewers, timu ya ku Milwaukee, kuyambira 1971 mpaka 2024, anamwalira mu Januwale 2025 ali ndi zaka 90. Chibolibolicho anachiyika kumapeto dala, poti pa malonda ena a mowa pa TV ankadzitama kuti akukakhala kutsogolo nkukathera kumwamba uko. Mpando wapambaliwo ndiojambulitsirapo zithunzi. Ndiye ndiuzeni, munthu oyankhula zaka zoposa 50 osapuma, ndikanadziwa bwanji kuti kwa ine akhala chete?

Mtedza ndinausiya pamwendo pawo pomwepo. Kuutenganso manyazi, anthu anali atapanga kale mzere kumbuyo kwanga.