Cape Maclear mpaka Liwonde pa galimoto, koma mafuta abale

Tabwerako bwino, koma inu amene mukuganiza zoyenda ulendowu mvetsani: mukangoona pamene pali mafuta thirani, olo thanki ili hafu thirani basi.

Ife tinadzera ku Dedza nkutsetsereka Golomoti, makhona aja osathamanga ndipo mabuleki akhale abwino. Musanalowe Monkey Bay mumakhotera kumanzere kupita ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe. Lawirirani kugombe muone asodzi akubwera, usiku onse amakhala panyanja ndi nyali kukopa usipa, kukacha amayi ali kalikiliki kuyanika pa thandala, gulani pomwepo.

Tengani chiphaso cha unzika chifukwa pageti la paki ya Lake Malawi National Park Amalawi timalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja. Ku Otter Point ndi wapansi, chakomweko kuli manda a amishoni a Livingstonia amene anayambira kumeneko mu 1875 asanasamukire ku Bandawe. Kuphiri pitani ndi gaidi dzuwa lisanakwere, anyani ndi ambiri ndipo chakudya m'manja amalanda opanda manyazi.

Tsono zomwe zandipweteka. Pochoka kuti tizipita ku Liwonde geji ili pansi, tapeza mzere pa filing'i siteshoni ina, akuti thanka ikubwera pompano. Pompano wakeyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutentha kwa kunyanja mukukudziwa, ana akulira, ndiye mafuta atabwera anayamba ndi anzawo olowera kumbali ife tikungoyang'ana, titatsala magalimoto ochepa akuti atha. Atha bwanji pamene kuseri anyamata akugulitsa m'mabotolo mtengo woboola m'thumba? Tinagulabe, nanga tikanatani, ndipo buking'i ya boti la ku Liwonde tsiku limenelo inapita ndi ndalama zake. Thirani mafuta abale!

Ndaiwala za chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear, boti mugwirizane mtengo musanakwere. Kumeneko ndi komwe kuli nsomba za mbuna zamitundumitundu zija zinapangitsa bungwe la UNESCO kuika pakiyi pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndipo anyamata amaponya nsomba nkhwazi nkudzaiwakha pamadzi inu mukuona. Miyezi ya June ndi July mwera umavuta, pitani m'mawa. Mukasambira kumbukirani za likodzo, mukafunse kuchipatala mukabwerera.

Ku Liwonde tinafika mawa lake, boti la pa Shire ndiye musaphonye, mvuu mbwee, ng'ona, njovu zikumwa madzi chapafupi. Kashi nayonso tengani, netiweki imathawa ukafuna kulipira pafoni.