Tsiku Limene Fani Inazimitsidwa Katatu

Lachinayi, usiku.

Ndinafika ku jimu cha m'ma 5 koloko madzulo, nthawi imene anthu ambiri amakhala ataweruka kuntchito, ndipo nditangokankha chitseko mpweya wa m'katimo unandilandira ngati wochokera m'kamwa mwa munthu, wofunda, wonyowa, wonunkha thukuta ndi mphira. Makina oziziritsa mpweya akhala akufooka kuyambira sabata yatha, ndipo lero anali atangotsala kulira kokha. Kachipangizo koyezera kutentha kamene kali pakhoma pafupi ndi sikelo kankaonetsa madigiri 27, pamene galasi lalikulu la kumbali ya onyamula zitsulo linali litachita nthunzi m'munsi mwake, moti munthu wina anali atalembapo manambala ndi chala powerengera maulendo amene wanyamula.

Ndili ndi chizolowezi chokwera pasikelo ndisanayambe masewero ndiponso ndikamaliza, ndipo lero ndinayamba ndi makilogalamu 74.2. Kenaka ndinapita pakona imene pali njinga zopalasa pamalo amodzi, ndipo ndinasankha ya kumapeto chifukwa ndi imene yayandikana ndi fani yaikulu yoimika pansi. Fani imeneyi ndi yakale, imacheuka uku ndi uku mwaulesi, ndipo pa waya wake wakutsogolo wina anamangirirapo kansalu kofiira, kamene kamauluka ikamazungulira n'kugwa ikaima. Cholinga changa chinali kupalasa mphindi 45 pa liwiro limodzi, osathamanga kwambiri komanso osafooka.

Patatha mphindi khumi, thukuta litayamba kumene kutsika m'khosi, ndinaona kansalu kaja kakugwa pang'onopang'ono mpaka kulendewera. Nditacheuka ndinapeza bambo wina wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu, amene ndimamuona kawirikawiri pabenchi ya zitsulo, akubwerera pamalo pake atazimitsa faniyo. Ndinawapempha mwaulemu kuti, "Pepani bambo, kodi mungalole kuti ndiiyatsenso? Kuno kwatentha kwambiri." Iwo anandiyang'ana mokoma mtima ndithu, n'kundiyankha kuti, "Mwana wanga, kuno tinabwera kudzatuluka thukuta. Mphepo ikakuwombani thupi lili lonyowa chonchi, mawa mudzuka ndi chimfine, mwinanso chibayo." Sindinafune kukangana ndi munthu wamkulu pakati pa anthu, choncho ndinangoti, "Chabwino bambo," n'kupitiriza kupalasa.

Mphindi khumi zotsatirazo ndi zimene zandichititsa kulemba zonsezi. Miyendo yanga inkagwira ntchito yomweyo, nambala ya kulimba kwa njinga sindinaisinthe, koma wotchi ya pamkono inaonetsa kuti mtima wanga wachoka pa kugunda ka 142 pa mphindi n'kufika pa ka 158. Thukuta linasiya kuuma pakhungu, linayamba kuyenderera m'zigongono n'kumagwera pansi, mpaka pansi pa njinga panachita kachithaphwi kamene ndinachita nako manyazi. Zogwirira zinayamba kuterera, maso ankawawa ndi mchere, ndipo thaulo langa linanyowa moti kupukutira nalo kunali kungosamutsa madzi kuchoka pamphumi kupita pamasaya.

Chimene chimachitika m'thupi pa nthawi ngati imeneyi si chinsinsi. Minofu ya munthu ndi injini yowononga kwambiri, chifukwa pa mphamvu zonse zimene imagwiritsa ntchito, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limasanduka ntchito yooneka, monga kuzunguza mapedulo, ndipo zotsalazo zimasanduka kutentha. Munthu wongokhala pampando amatulutsa kutentha kwa mawati pafupifupi 100, koma wopalasa njinga mwamphamvu akhoza kutulutsa kutentha kochuluka kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, pamene thupi lake likuyesetsa kuti m'kati musachoke patali ndi madigiri 37. Njira yaikulu yotayira kutenthako ndi thukuta, koma chimene anthu ambiri sachilabadira n'chakuti thukuta limaziziritsa munthu pokhapokha likauma pakhungu. Lita imodzi ya thukuta ikasanduka nthunzi imachotsa m'thupi makilojulo pafupifupi 2,400, kumene kuli kutentha kokwanira kuwiritsa madzi ozizira okwana malita 7. Koma thukuta limene lagwera pansi silinachotse pafupifupi kanthu kalikonse. Kachithaphwi kanga kaja kanali madzi ndi mchere zimene thupi linataya pachabe.

Apa m'pamene pagona ntchito ya fani. Iyo siziziritsa chipinda, ndipo ikasiyidwa ikuzungulira m'chipinda chotseka mopanda munthu imawonjezeramo kutentha pang'ono kochokera ku injini yake. Ntchito yake ndi kukankha kampweya kofunda ndi konyowa kamene kamakhazikika pakhungu, kuti pabwere mpweya wina wouma umene ungalandire nthunzi. Munthu wopalasa njinga mumsewu pa liwiro la makilomita 25 pa ola amadzipangira yekha mphepo imeneyi, n'chifukwa chake amafika kumene akupita malaya ali ouma pachifuwa, pamene mnzake wogwira ntchito yofanana panjinga ya m'nyumba amakhala ngati wagwa m'madzi. Mphepoyo ikasowa, thupi limatumiza magazi ambiri kukhungu kuti akataye kutentha, magazi obwerera kumtima amachepa, ndipo mtima umakakamizika kugunda mofulumira kuti minofu isasowe mpweya. Ndi zimene wotchi yanga inkandiuza.

Ndinakumbukira kafukufuku wa mu 1997 wa akatswiri awiri a ku Scotland, a Galloway ndi a Maughan, amene anapalasitsa amuna asanu ndi atatu njinga za m'nyumba mpaka kutheratu mphamvu, pa kutentha kosiyanasiyana kwa madigiri 4, 11, 21 ndi 31. Pa madigiri 11 amunawo anapirira nthawi yaitali kuposa pena paliponse, pafupifupi ola limodzi ndi theka, pamene pa madigiri 31 analephera kufika ngakhale ola limodzi. Kunena zoona, palibe amene angakonde kulowa m'jimu yozizira madigiri 11 atavala kabudula, koma zotsatirazo zimaonetsa kuti wopalasa kapena wothamanga amafuna kuzizira kumene mnzake wongoima pambali sangakupirire.

Mayi wina amene ankathamanga pamakina oyandikana nane sanachite zopempha ngati ine. Anatsika, anayatsa faniyo, anabwerera pamakina ake osayang'ana munthu aliyense, ndipo ndinamuthokoza mumtima, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphepo itangondikhudza pamsana thupi lonse linatsitsimuka, ndipo pasanathe mphindi zinayi mtima unatsika kufika pa 149. Koma chisangalalocho sichinakhalitse, chifukwa mnyamata wina wovala juzi yokhuthala ya chisoti, amene ankadumpha chingwe chapafupi, anabwera n'kuizimitsa kachiwiri. Iyeyu chifukwa chake chinali china, ndipo anachinena mokweza kuti aliyense amve: akufuna kuchepetsa thupi, ndipo mphepo ikumuumitsa thukuta limene akulivutikira.

Pamenepa ndivomereze kuti ndinalakwa. Ndinatsika panjinga mtima uli m'mwamba, ndinayatsa faniyo osafunsa aliyense, ndipo ndinaiika pa nambala 3, imene ili yamphamvu kuposa zonse, moti kansalu kofiira kaja kanaima chilili ndipo pepala la ndandanda ya masewero limene bambo aja anaika pabenchi linauluka n'kukagwera pansi pa zitsulo. Iwo anawerama movutikira, anatola pepalalo, anapita pafani n'kuizimitsa kachitatu, ndipo ulendo uno sanandiyang'ane n'komwe. M'chipindamo munangoti zii, kupatula phokoso la makina othamangirapo.

Ndili panjinga pomwepo ndinayamba kuwayang'anitsitsa bambowo, ndipo ndinaona chimene ndinayenera kuchiona poyamba. Iwo amanyamula chitsulo kwa masekondi 30 kapena 40, kenaka amakhala pabenchi mphindi ziwiri kapena zitatu akupuma, malaya ali onyowa kumsana. Fani ikamacheuka, mphepo yake inkafika ndendende pakhosi ndi paphewa pawo, pa nthawi imene thupi lawo silikutulutsa kutentha kochuluka. Chimene kwa ine chinali mpumulo, kwa iwo chinali kuzizira kochititsa tsemwe ndi kuumitsa mapewa. Tinali m'chipinda chimodzi, pa madigiri 27 omwewo, koma matupi athu ankakhala ngati ali m'nyengo ziwiri zosiyana. Pa nkhani ya chimfine sindikugwirizana nawo, chifukwa chimfine chimabwera ndi mavairasi ochokera kwa munthu wina, osati ndi mphepo ya fani. Komabe kuzizidwa kwawo kunali kwenikweni, ndipo ine ndinakuchepetsa chifukwa chakuti chifukwa chimene anapereka chinali cholakwika.

Za mnyamata wa juzi uja ndilibe nazo chifundo chotere. Mafuta a m'thupi sasungunuka n'kutuluka ngati thukuta, ndipo kilogalamu imene sikelo imaonetsa kuti yachoka munthu akadzifunditsa chonchi ndi madzi, amene amabwerera akangomwa. Choipa kwambiri n'chakuti kutenthedwa kumamufooketsa msanga, motero amasiya masewero asanagwire ntchito imene ikanamuthandizadi. Alipo amene amachita masewero m'malo otentha mwadala, monga othamanga amene akukonzekera mpikisano wa kudziko lotentha, pakuti thupi limazolowera kutentha m'kati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, komanso okonda yoga ya m'chipinda chotenthetsedwa kufika madigiri 40. Koma amenewo amasankha okha, ndipo amalowa m'chipinda chawochawo, sakakamiza anthu makumi awiri kuti atenthedwe nawo limodzi.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mtsikana wophunzitsa masewero, amene anali akuonerera zonsezi ali patebulo la pakhomo. Sanaweruze mlandu ndipo sanafunse kuti wayamba ndani. Anakoka kabatani ka pamutu pa fani kuti isiye kucheuka, anaisuntha masitepe awiri n'kuilozetsa kunjinga ndi kumakina othamangirapo, anaiika pa nambala 2, kenaka anati, "Bambo, tiyeni ndikuthandizeni tisunthire benchiyi kuseri kwa chipilalachi." Atatero anakatsegula chitseko chakumbuyo ndi mawindo awiri a m'mwamba. Chomalizachi ndi chimene ndinachiyamikira koposa, chifukwa fani imangozunguza mpweya womwewo umene tonse tapumira, pamene windo limatulutsa chinyontho n'kulowetsa mpweya watsopano. Pasanathe mphindi khumi nthunzi ya pagalasi inayamba kuchoka, manambala olembedwa ndi chala aja n'kufufutika.

Nditamaliza ndinacheza naye pang'ono, ndipo anandiuza kuti madandaulo a kutentha ndi kuzizira amawalandira tsiku lililonse, ngakhale makina oziziritsa mpweya akamagwira bwino ntchito. Sizinandidabwitse. Bungwe la American College of Sports Medicine limalangiza kuti malo ochitira masewero olimbitsa thupi azikhala pakati pa madigiri 20 ndi 22, chinyontho chisapitirire 60 peresenti, koma muyezo umenewu ndi wongokumanizira anthu pakati: wothamanga amauona wofunda, pamene wodziwongola pamphasa amauona wozizira. Ndinamukumbutsanso chinthu chimodzi chimene ife okonda fani timaiwala, chakuti mpweya ukatentha kupitirira khungu, cha pa madigiri 35 kupita m'tsogolo, fani imayamba kukankhira kutentha pathupi, makamaka mpweyawo ukakhala wouma ndiponso kwa achikulire amene satuluka thukuta lambiri. Tsiku lotero munthu akayamba kumva chizungulire, mseru kapena mutu, chofunika ndi kusiya masewero, kumwa madzi ndi kupita pozizira, osati kuwonjezera nambala ya fani.

Pasikelo ndinapeza makilogalamu 73.4, ngakhale ndinali nditamwa theka la lita ndili panjinga, kutanthauza kuti ndinataya thukuta lokwana pafupifupi lita imodzi ndi mamililita 300 m'mphindi 45 zokha. Ndikanapanda kumwa madziwo ndikanayandikira 2 peresenti ya kulemera kwanga, pamene mphamvu za munthu zimayamba kuchepa moonekeratu. Mnyamata wa juzi uja anakwera pambuyo panga, anamwetulira ataona nambala yake, kenaka anapita pampopi n'kumwa botolo lathunthu osapumira.

Bambo aja ndinawapeza m'chipinda chosinthira zovala akuvutika kulowetsa mkono wamanzere m'malaya. Ndinawapepesa chifukwa cha pepala lija ndi nambala 3 ija, ndipo iwo anaseka n'kunena kuti, "Palibe kanthu mwana wanga, nanenso ndinazimitsa osakufunsani." Anandiuza kuti phewa limenelo linavulala zaka zambiri zapitazo, ndipo likazizidwa lili lonyowa limauma moti usiku sagona bwino. Ndinawafunsa ngati anayesapo kubwera ndi malaya awiri kuti azisintha akanyowa, kapena kufunda thaulo louma pamapewa popuma, ndipo anati za thaulozo ayesa Loweruka. Za chibayo sitinazikambenso.

Pobwerera ndinakumbukira kuti m'kabati muli kafani kakang'ono kotchaja, kokhala ndi chopanira, kamene ndinagula chaka chatha n'kukaiwala. Ndakapeza kuseri kwa mabuku, ndakapukuta fumbi, ndipo pamene ndikulemba pano kali pamoto pambali pa wotchi yanga. Loweruka ndikayesa ngati chopaniracho chingagwire pa chogwirira cha njinga ya kumapeto ija, chifukwa chitsulo chake n'chonenepa kuposa cha njinga zinazo.